Mipopi ya Mchenga

Ntchito yanga ndi kusenza mchenga.
M'mawa uliwonse, alendo asanafike,
ndimakwera makwerero ndi ndowa zisanu ndi ziwiri
kukathira m'thanki yobisika kudenga,
kuti mipopi ya Chanlina isaume.

Mipopi makumi anayi pakhoma loyera.
Anaitola yekha mtsikanayu
m'mabwinja a nyumba zoima pansanamira
m'mbali mwa thamanda lalikulu la mu Phnom Penh,
malole asanabwere kudzalikwirira lamoyo.
Ukatsegula mpopi sipatuluka madzi:
mchenga wokhawokha, waa,
kuunjikana pansi, kukwera, kukwera,
kenako n'kugumuka wokha.

Alendo amalowa akununkhira,
amajambula ndi mafoni, amagwedeza mitu.
Bambo wina wa tayi anati, "Zakuya izi,"
n'kusasa nsapato zake.
Dzina la banki yake lili pachitseko,
pamwamba pa dzina la Chanlina,
m'zilembo zonenepa kuposa.

Wachitatu kuchokera kumanzere ndimaudziwa.
Mphira wakuda uwo pakhosi pake
ndinamanga ndine, nditadula chubu cha njinga,
chaka chomwe Rithy anabadwa.
Unkadontha usiku wonse,
mkazi wanga n'kumandidzutsa ndi chigongono.
Sindinauzeko munthu. Chanlina sadziwa.
Pakapepala analemba: mwini wake sadziwika.

Kunja kwa zenera makina ataliatali awerama
ngati akakowa padambo lopanda nsomba,
kujompha zitsulo, kumeza thambo pang'onopang'ono.
Rithy ali komweko, pansanjika ya makumi atatu,
chingwe m'chiuno,
akupukuta magalasi a zipinda zosagonamo munthu.
Kunsi kwa mapazi ake, pansi pa konkire,
ndi pomwe tinkathyola ndiwo za m'madzi
tikukankha bwato ndi nsungwi.

Amati mzinda ukukula. Inde, maso ndili nawo.
Nachonso chithupsa chimakula.

Akatseka madzulo ndimasesa zonse,
mchenga womwewo kubwerera m'ndowa zomwezo,
malipiro ake okwanira mpunga ndi basi
yopita kutali komwe anatitaya.

Koma dzulo, magetsi atazimitsidwa,
ndinatenga botolo langa la madzi akumwa
n'kunyowetsa pang'ono pakamwa pa mpopi wanga.
Dontho linalendewera, linalendewera,
kenako, tho! pamchenga.
Ndinaima mumdima kudikira lachiwiri
mpaka mlonda anandiunika ndi tochi
n'kufunsa ngati ndataya kanthu.