Zimene Tinasiya pa Chisumbu

Mafoni atatu tinawasiya m'galimoto,
pansi pa mpando, titawakulunga m'sokosi.
Venla anamenyetsa chitseko
kuti Saimaa yonse imve zoti iye sanavomere.

Bambo ake, Tuukka, anali atakopera manambala
kuseri kwa envulopu ya bilu ya magetsi:
chisumbu chachitatu, thanthwe long'ambika,
mapazi makumi awiri kuchokera pa mtengo wakugwa.
Kampasi inali ya malemu amalume ake,
singano yake yonjenjemera ngati ili ndi mangawa.

Tinakankha mabwato awiri.
Lakutsogolo ine ndi Venla, iye ali ndwii,
nkhafi yake ikungonyambita madzi.
M'mbuyo Ilmari, wa zaka zisanu ndi ziwiri,
akugwedeza dzino ndi lilime
n'kumawerenga abakha mokweza, kusokoneza, kuyambiranso.

Ola loyamba linatalika.
Dzanja langa linalowa m'thumba kanayi
kukafuna chinthu chimene munalibe,
monga lilime la mwanayo pa dzino lake.

Kenaka mphepo inatembenuka.
Mafunde anayamba kutiwomba m'nthiti,
bwato linapendama, madzi ozizira n'kutithira m'maondo,
ndipo Venla anakuwa: Amayi, kumanzere! Kumanzere!
Anakumba nyanja ndi mapewa onse.
Sindinkadziwa kuti msana wake unakula chotere.

Pa chisumbu udzudzu unatichingamira ndi nyimbo.
Tinafufuza. Thanthwe lililonse linali long'ambika.
Tuukka anayenda mapazi makumi awiri kummawa,
makumi awiri kumadzulo, akukangana ndi singano,
mpaka anakhala pansi n'kuvomera
kuti mwina seveni uja anali wani.

Tinadya buledi wakuda ndi nsomba zowamba,
khofi wa m'fulasiki atazirala.
Palibe anafunsa nthawi.
Kuno mwezi wa Juni dzuwa silidziwa kwawo,
limangozungulira pamwamba pa mapaini
ngati mlendo wosatsazika.

Anakapeza ndi Venla, akupita kukadzithandiza.
Tinangomva kuseka kuja ndinakumva komaliza
asanayambe kudzitsekera kuchipinda.
Kabokosi kapulasitiki, pansi pa ndere.
M'kati batani la jekete, kiyi wosadziwika khomo lake,
kagalimoto kosowa tayala limodzi,
ndi kabuku konyowa m'mphepete.
Mayina, masiku. Wina analemba kuti kunagwa matalala.
Wina: chaka chino ndabwera ndekha.
Pamenepo tinakhala chete pang'ono.

Lamulo lake n'lakuti ukatenga, usiyepo.
Ilmari anafuna kagalimotoko.
Tinapisa m'matumba: machesi, envulopu ija, nyenyeswa.
Iye anatifulatira,
tinangomva kuti "a!"
nabwera ali mwee, timagazi pa mlomo,
dzino lili pa chikhatho ngati njere ya mpunga.

Dzanja langa linathamangiranso m'thumba.
Munalibe kanthu.
Ndiye ndinangomuyang'ana, nthawi yaitali:
kampata ka m'kamwa, udzudzu pa khutu,
mlongo wake akumupukuta ndi mkono wa juzi
imene salola aliyense kuikhudza.

Pobwerera nyanja inali itagona.
Matuza anaphulika m'manja mwanga, sindinanene.
Venla anafunsa ngati dzinolo lidzakhalapobe
chisanu chikadzaumitsa madzi onsewa,
ngati wina adzalitenge, nanga adzasiya chiyani.
Tuukka, kuchokera m'bwato linalo, anati mwina kiyi wina.

Tinafika pa galimoto cha m'ma leveni, kunja kukali kowala.
Ilmari tinachita kumunyamula, kagalimoto atakafumbata.
Sokosi inalira kawiri pansi pa mpando.
Venla anaiyang'ana, nayang'ana ine,
natambasula zala zotupa zija pamaso panga:
Amayi, mawa mapewawa andipweteka, eti?