Zitatu za Kuseri kwa Galaja ya Atate

Wabwera kuchokera ku Lusaka ndi tochi, masanasana,
akuti ndi Bambo Hamoonga, amatolera magalimoto akale.
Wagwada m'fumbi la ku Kapata, buluku loyera mbee,
akugogoda chitsulo ndi kiyi, khutu pachitseko,
ngati dokotala womvera chifuwa.

Wayamba ndi Morisi Maina.
Akuti uyu ngofatsa, mabawuti ake savuta,
koma dzimbiri limamuyamba kumapazi ngati matekenya.
Walowetsa chala pansi, chatulukira mkati.
Sindinamuuze kuti inali ya namwino wa ku Mwami,
kuti Dailesi Mshanga wogulitsa tomato uja
analirira koyamba pampando wakumbuyowo,
Lunkhwakwa atasefukira usiku.

Kenako Volokisi, amene ana amamutcha kafulu.
Injini kumatako, moyo wake wonse sanamwepo madzi.
Mlendo wayeza zenera lakumbuyo ndi chikhatho, wapukusa mutu:
likadakhala laling'ono ngati dzira, akadalipira kawiri.
Atate ankati kafuluyu anakwera Manenekera
atanyamula aphunzitsi anayi ndi thumba la nshawa,
zinzake zikubwata m'mbali mwa msewu, mabonati ali yasa.
Zimenezo m'kabuku kake mulibe pozilemba.

Wachitatu ndi Angiliya,
zenera lake lopendekera chambuyo ngati chipewa cha wonyada.
Thadzi lathu likufungatira pomwe pankakhala wailesi.
Watsegula bonati, waunika, wati kukamwa pululu.
Kabyuleta ndi ya Datisani.
Paipi ya madzi inachokera ku chigayo cha a Zgambo.
Lamba wa feni anadulidwa kutayala la thirakitala ya ku Msekera,
ndipo nambala ya injini
sidziwana n'komwe ndi nambala ya thupi.
Uyu, akutero, wasokonezedwa mtundu.
Uyu alibe mtengo.

Ndinaona manja a atate pamenepo,
zikhadabo zakuda ndi girisi, chala chimodzi chopindika,
zaka zomwe sipeya inkasowa ngati shuga,
akusula Lamlungu masana chomwe sitolo inalibe.

Walemba manambala awiri papepala.
Ya Morisi ikwana malata a nyumba.
Ya kafulu ifikitsa Tisauke ku koleji, mwina chaka chimodzi.
Ndavomera. Lole ibwera Lachinayi,
popeza onse awiri sayenda,
adzakwera pamsana pa mnzawo ngati odwala.

Atapita, ndachotsa thadzi ndi mazira ake asanu ndi awiri,
ndathira petulo wa m'botolo la mafuta ophikira,
ndaitana anyamata a njinga za kabaza kuti akankhe.
Watsokomola kamodzi.
Watsokomola kawiri.
Kachitatu walira, utsi tolo,
agalu a ku Mchini onse ayankha.

Wopanda mtengoyo
wandifikitsa kumsika ndisanamange bwino duku.
Mabuleki okha ndiwo akufunabe atate.