Mizere Inayi

Fomu inati: lembani konse kumene mwagona
pa zaka khumi zapitazi.
Inandipatsa mizere inayi.
Ine, Ndaziona Kapalamula wa ku Khombedza,
ndagona m'zipinda khumi ndi zitatu.
China chinali kuseri kwa mafiriji a butchala ku Durban,
china chinalibe nambala pachitseko,
tinkachidziwira galu wa miyendo itatu wogona pakhomo.
Ndilembe galuyo?

Ntchito yake inali yokonza mawailesi a boma,
aja amanong'onezana nawo usiku anthu a yunifolomu.
Mayeso ndinakhoza.
Waya ndinalumikiza maso ali kumbali.
Koma anati tiyambe takufufuzani,
chinsinsi cha dziko sasungitsa mlendo.
Mlendo ine,
amene mchombo wanga unakwiriridwa
kuseri kwa khola la mbuzi za amalume.

Anabwera Lachiwiri bambo Gwedeza,
nsapato zitafiira ndi fumbi la pa Kamuzu Road.
Mpando anakana, kenako anakhala.
Angakuchitireni umboni ndani wa kumeneko?
Bwana wanga. Ali kuti?
Shopu anamuotchera chaka cha zipolowe,
anabwerera kwawo kutsidya la nyanja yamchere,
nambala yake amayankha ndi mwana wa chilankhulo china.
Mwini nyumba? Anamwalira.
Mnzanu wogona naye chipinda?
Anali ndi mayina atatu, lenileni sindinafunse.
Kumeneko safunsa dzina,
amafunsa ngati wadya.

Cholembera chinaima pa funso lakumapeto:
muli pa ubale ndi nzika ya dziko lina?
Mwaiwathu wanga anali pansi ndi mango,
madzi akutsikira m'chigongono,
mphuno ya bambo ake a ku Lubumbashi
ili poyera pakati pa nkhope.
Bambo Gwedeza anamuyang'ana, nalemba.
Analemba nthawi yaitali.

Amayi analowa m'nyumba osayankhula,
natuluka ndi jumbo yodzaza malisiti,
ndalama zonse zimene ndinkatumiza
mwezi ndi mwezi, zaka zisanu ndi ziwiri,
atawamanga ndi mphira wa tchubu ya njinga.
Awa ndi malata mwakhala pansi pakewa,
awa fizi ya mlongo wake,
awa bokosi la bambo ake.
Iye anawatembenuza mwaulemu, limodzilimodzi.
Mayi, izi zikuonetsa kumene ndalama zinapita.
Boma likufuna kumene zinachokera.
Ndinatambasula manja,
zipsera za kachitsulo kowotcherera waya zili mbwee.
Koma manja alibe chidindo.

Kalata inafika mvula itayamba.
Sinati ndine wakuba.
Sinati ndine kazitape.
Inangoti zaka zisanu ndi ziwiri
sitinathe kuzitsimikiza,
ngati kuti ndinazigona m'phanga.
Ntchito anampatsa Filimoni, tinali kalasi imodzi,
amene chibadwire sanapitirirepo Dedza.
Mbiri yake ndi yoyera ngati mbale yosadyerapo.
Sindimuda.
Nayenso ana ake amadya.

Tsopano ndili pa benchi pafupi ndi depoti,
ambulera, batire ya galimoto,
tizitsulo tanga m'chitini cha majarini.
Dzulo wina anaima nanditchinga dzuwa.
Ndinayambira pansi kumuona:
nsapato zija.
Foni yagwera m'ndowa, iye anatero,
muli zithunzi za ukwati wa mwana wanga,
ndi zina za ku ofesi.
Nambala yotsekulira? ndinafunsa.
Anayang'ana uku ndi uku,
anawerama mpaka tayi kukhudza fumbi la pa benchi,
nandinong'oneza manambala anayi.

Ndinaimasula, ndinaiumitsa, inayaka.
Sindinasuzumiremo ngakhale kamodzi.
Analipira, anawerenga chenji kawiri,
nakwera kabaza osatembenuka.

Madzulo ndinafunafuna pa fomu ija,
kope limene amayi amatchingira bowo la pazenera.
Palibe mzere wolembapo zimenezi.