Sipuni Imodzi

Usiku uno ndayeza malole makumi awiri ndi atatu.
Lililonse limakwera pasikelo likubuula,
nzimbe zowauka zikulendewera m'mbali,
ine n'kulemba nambala, n'kudinda, n'kukodola lina.
Dwangwa yense akununkha manyuchi ndi dizilo.

Wandisokoneza mutu ndi Zinenani,
mwana wanga wa Folomu 3.
Ndikumanga mpango madzulo, iye buku lili pamwendo:
Amayi, kukamacha muyang'ane Akamwiniatsatana,
mutsike nawo mzere wawowo,
mupeza nyenyezi yowala kuposa zonse.
Imeneyo musaitengere mtima.
Pambali pake pali kanzake kosaoneka ndi maso,
kanthiti koyera,
kukula kwake ngati dziko lathu lomweli,
koma kulemera ngati dzuwa lathunthu.
Mutakatapa ndi sipuni ya tiyi,
sikelo yanu ingawerenge kuposa thirakitala.

Ndinaseka. Ndinati mwana iwe,
zaka khumi ndi chimodzi ndili pasikelo,
ndagwira wothira mchenga m'nzimbe,
ndagwira wobisa mnzake kuseri kwa tayala,
koma bodza la sipuni ndi loyamba.

Iye osaseka.
Akuti kale kanali chimoto chachikulu,
kanadya nkhuni zake zonse, n'kudzifinya.
Pano sikayaka. Kangosunga kutentha kwakale,
ndipo kutenthako kuposa nkhope ya dzuwa kanayi.
Kazizirabe pang'onopang'ono
mpaka owerenga zaka adzatope.

Nthawi ili fili koloko. Malole aduka.
Ndatuluka m'kanyumba ka malata, khosi chagada.
Yowala ija ndaipeza pamwamba pa chumuni,
ikuphethira ngati mkwatibwi.
Kanzake ayi.

M'malo mwake ndikuona bambo anga.
Zaka makumi atatu anadyetsa bowila wa fakitale iyi,
nsidze zinapserera, mawu ngati ng'oma,
akaitana ku Nkhunga agalu a ku Matiki ankayankha.
Lero ali pamkeka kuseri kwa nyumba yanga,
malaya awo akale angalowe anthu awiri.
Alendo amapatsa moni ine, amayamikira Zinenani,
amatuluka osadziwa kuti pakhondepo pali munthu.
Koma tawanyamulani powasambitsa,
msana udzakuuzani.
Amalankhula liwu limodzi patsiku,
ndipo limodzilo ndimalisenza mpaka kuntchito.
Dzulo anangoti: Nasimango.
Dzina la amayi.

Zinenani akuti kuwala kwa kumeneko
kumayenda zaka zisanu ndi zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri
kasanafike padenga la malata ili.
Ndawerenga ndi zala, monga ndichitira makina akafa.
Kuwala kwagwera m'maso mwanga usiku uno
kunanyamuka amayi akadali moyo,
akupeta mpunga, akukalipira nkhuku,
bambo akadali ndi njinga yawo yakuda.
Kwayenda ulendo wonsewo osamva za maliro.

Akutinso ziwirizo zimazungulirana,
ulendo umodzi zaka makumi asanu.
Awa anakwanitsa makumi anayi ndi zinayi.
Ndani ankawala, ndani ankalemera,
sindinafunse, ndipo wondiyankha watsala theka.

Hutala. Kalikokha wafika ndi lole lake lobowoka,
akukuwa kuti mayi mwagona kodi.
Ndalowa, ndalemba matani makumi awiri ndi asanu ndi limodzi.
Atachoka, sikelo yabwerera pa ziro.
Ndatenga sipuni ya m'kapu yanga,
ndakaiika pakati pa chitsulo chonsecho,
ndabwerera kudzayang'ana pagalasi.
Ziro.

Ndikaweruka sikisi koloko
ndikawafungatira manja bambo.
M'zikhatho mwawo mukadali kufunda.