Kope la Telala

Kope lomwe ndimalembamo miyezo ya anthu,
chiuno cha uyu, phewa la uyo,
ndalitembenuza, ndayambira kumbuyo.
Anamwino ku Matawale anati: Che Mdoka,
magazi anu akuthamanga ngati Likangala mu Febuluwale,
muzikalemba chilichonse cholowa pakamwa.

Lolemba: tiyi, shuga masipuni anayi.
Mandasi atatu a kwa Abiti Saidi.
Ndanama. Asanu.
Masana chipisi cha pachiwaya kudepoti,
mchere kuwaza ngati ndikufesa mpiru.

Lachiwiri chimodzimodzi.
Pofika Lachisanu cholembera chinkandiyang'ana
ngati mlamu wodzatenga ngongole.
Ndinavundukula tsamba ndi tsamba,
osapezamo masamba.

Zaka makumi awiri ndikupalasa makina
m'munsi mwa phiri lomwe limatsitsa mapeyala ndi nthochi
pamitu ya amayi m'mawa uliwonse,
kudutsa pakhonde langa lomweli,
ine maso pasingano.

Tsopano Asiyatu amandilongezera bonongwe wotendera,
matemba a ku Chilwa, mbatata yophika,
gwafa woti ndizikukuta dzuwa likapendeka.
Shuga ndatsika pa masipuni awiri.
Tiyi sakukoma, koma ndikumwa.

Loweruka lapitali kunali ukwati ku Chinamwali.
Za tsiku limenelo ndalemba ndi zilembo zing'onozing'ono.
Komabe ndalemba.

Dzulo msika utazizira
ndinadzikulunga tepi m'chiuno.
Chachokapo ndi chala chimodzi chokha.
Ndinachilemba kutsogolo kwa kope,
pansi pa dzina langa,
pakati pa makasitomala.