Chikwangwani cha pa Mlatho

Anandipatsa thabwa, penti wofiira
ndi mawu atatu oti ndilembe:
OSATAYA ZINYALALA PANO.
Ndinalemba, ndinalandira yanga,
ndinakakhoma pamlatho wochoka ku Kawale kutsikira ku Biwi.
Lolemba lotsatira mulu unali utasuntha
mapazi asanu okha,
pamene "pano" amathera.

Amayi ankautchula mtsinje, timadzi iti,
ankachapamo mayunifomu athu Loweruka.
Ife timati ngalande.
Ndipo ngalande munthu saichitira manyazi:
majumbo, matewera, nthenga za nkhuku,
oyilo wakuda wa m'magalaja a ku Mchesi.
Sindidziwa chinayamba kufika n'chiyani,
fungoli kapena dzinali.

Mnyamata wa makala akamakankha njinga mbandakucha
kuchokera ku Dzalanyama,
ndimamuimitsa, ndimamufunsa mtengo.
Amandiuza wa thumba.
Mtengo winawo, wa masamba, wa mthunzi, wa zisa,
tonse awiri sitiutchula,
chonsecho uli momwemo,
wakuda, wodukaduka, womangidwa ndi luzi.

Che Sumani, telala wa khonde loyandikana ndi langa,
nthawi ya swala ikakwana
amatenga kabotolo kamodzi:
manja, mkamwa, nkhope, mikono, mutu, mapazi,
otsalawo n'kuthirira mpiru wa m'chitini.
Ndinawaseka tsiku lina: kodi akudulirani madzi?
Anangoti, "Amana."
Ndinati, amana ndani, mpopi ukutuluka chonchi?
Anaseka mpaka singano inagwa pakamwa.

"Osati kumana kwa anthu ouma manja.
Kumzikiti mawuwo ndi chinthu chosungitsa.
Nsalu zili apazi n'zanga ngati?
Mwini wake akabwera madzulo
ndimamuonetsa ndi tizidutswa tomwe.
Madzi, dothi, mpweya mukupumawu,
tinangosungitsidwa.
Mwini adzafunsa."
Anatola singano, makina n'kuyambanso kulira.

Usiku umenewo magetsi anazima msanga.
Ndinagona chagada, kuyesa mawu
ngati nsapato za pa kaunjika:
zaboma, kutchire, ploti, zopanda mwini.
Onse ankandikwana bwinobwino,
n'chimene chinandiopsa.
Chilengedwe ndalemba pa zikwangwani zosawerengeka,
pa malaya a misonkhano, pa khoma la sukulu,
koma sindinamvepo kulenga kuli m'kati mwake,
ndinkangowerenga zilembo, khumi ndi ziwiri,
n'kutchula mtengo.

Mawa kuli thabwa lina, akhansala atumiza mwana.
Mawu omwe aja, akuti ndikulitse zilembo,
anthu a kuno saona bwino.
Penti watsalako pang'ono pansi pa chitini.
Kumunsi, pamene sandilipira,
ndilemba ting'onoting'ono:
uwu ndi mtsinje.
Mwina andidula ndalama.
Mwina mvula ya Disembala ifufuta
wina asanawerenge.
Burashi ndaiviika kale m'parafini.