Ndowa Zitatu pa Denga la ku Mayfair

Ufa wa pano ulibe kwawo.
Umafika pa lole Lachiwiri, matumba makumi anayi,
woyera ngati mano oikirira,
thumba lililonse kufanana ndi linzake.
Ndaukanda zaka zisanu ndi chimodzi
kuyambira teni koloko usiku
mpaka matekisi atayamba kuliza mahutala,
koma sunanditchulirepo phiri limene unamera.

Usiku wina magetsi atathima,
uvuni ukuzirala, mtanda ukufufuma wokha mumdima,
Wubshet anamasula kansalu, nawalitsa foni.
Njere zakuda, zofiirira ngati nthudza zakupsa.
"Sinde," anatero, "wa m'munda wa bambo anga ku Gojjam."
Mamokete anaseka, napisa dzanja m'chikwama:
zake zazitali, zowonda, zotumbuluka,
koro wa ku Mokhotlong,
amene phesi lake amafolerera nyumba.

Ine ndinayamba ndazengereza.
Zanga zinali m'kabotolo ka panado,
zing'onozing'ono, zokwinyika ngati chigongono,
zimene aNangondo anandifumbatitsa pa Tsangano
basi italiza kale injini.
Kwathu timangomuti Kandevu.

Tirigu yense ameneyu, eti.
Dzina limodzi pa thumba,
nkhope zitatu pa tebulo.

Mu Epulo tinakweza ndowa za penti padenga,
tinaziboola kunsi ndi msomali,
dothi tinakaba kuseri kwa njanji,
madzi ake otsukira mathireyi.

Kandevu ndiye anayamba kusuzumira,
waphuma ngati mwini wake.
M'mawa uliwonse ankatambasula masamba
kudikira nkhungu ya m'mapiri a Ntcheu
imene imanyambita mbewu mvula itapita.
Joni alibe nkhungu yotero.
Ndinkamwa madzi n'kumupemerera ndi pakamwa,
anzanga n'kumagwa nacho chiseko.
Chisanu cha Juni chinamuwaula nsonga,
iye osafa.

Wa Wubshet anatalika monyada,
ndevu zakuda bii,
mpaka mphepo ya Ogasiti,
yonyamula fumbi lachikasu la m'migodi,
inamugoneka chammbali.
Tinamumangirira ku mlongoti wa dishi ndi lamba wa epuloni.
Chiwawu chitabwera chinadya masamba a Kandevu
n'kumulambalala iye,
chonsecho ndowa zinali zogundana.
Ndani anamuphunzitsa kukana nthenda imeneyi?
Chigwa chiti, chaka chiti cha njala,
dzanja la yani lomwe linasankha ngala yotsala
n'kuibisa kudenga?

Wa Mamokete anangoti khwathalala pansi
miyezi inayi yathunthu, ngati kapinga.
Ndinati, wako ndi waulesi.
Iye anati, musiye,
kwathu saimirira asanamenyedwe ndi chipale,
akuwerenga masiku ozizira,
akakwana adzadzuka.

Kenako nkhunda za m'tauni.
Kenako matalala a Okutobala, akulu ngati mazira a zinziri.
Pa ndowa ziwiri tinapeza kapu imodzi ndi theka.
Wubshet ankafuna tiphike kabuledi
kuti lilime likumbuke.
Ine ndinati mbewu sadyera kulakalaka.
Tinakangana mpaka mtanda wa abwana unapsa.

Mamokete sanaumve mkanganowo.
Anamuimitsa pa siteshoni Lolemba, akuweruka,
chitupa chake chitatha mu Julayi.
Epuloni yake ikadali pa msomali.

Patapita masabata atatu
ndinakwera padenga kukaanula matawulo,
ndipo uyo, koro waimirira,
kutalika mpaka m'chiuno mwanga,
ngala zopanda ndevu zikugwedera
moyang'ana kummwera.

Ndinamudikira kuti ache.
Ndinapukusa ngala m'manja, ndikuuzira mankhusu
pamwamba pa madenga a malata ndi mawaya a sitima.
Njere mazana awiri ndi khumi ndi zinayi,
ndinaziwerenga kawiri.

Zili mu envulopu ya malipiro, m'thumba la jekete.
Ndalembapo Mamokete, Mokhotlong.
Mudzi wake sindinaufunse.
Loweruka ndipita ku renki ya matekisi a ku Maseru
ndikafunse madalaivala mmodzimmodzi.